Uvuni wa ku Bez Valley

Manja a mkulu Gildo sagwiranso chipande cha matope,
amanjenjemera, tiyi n'kutayikira m'sosala.
Ndiye iye amaloza ndi ndodo, ine ndimamanga.

Tinayamba mu Juni, kuseri kwa nyumba yake,
chisanu chitayeretsa kapinga,
madzi a mu ndowa atavala chikopa pamwamba.
Ndinathira silabu pakati pa mtengo wa mandimu ndi mpanda wa magetsi,
n'kugoneka mabotolo a vinyo makumi anayi ndi awiri.
"Awa aletsa moto kuthawira pansi," anatero.
Ndinafunsa amene anamwa onsewo.
Anayang'ana mandimu.

Njerwa ndimazidziwa ine.
Ndaumba zikwizikwi kudambo kwa Utale, chikombole chikundidya zala,
ndachezera pa uvuni ndikuponya zitsa m'kamwa mwake
mpaka nsidze kuwauka.
Koma izi n'zina, zotuwa, zolemera, zobwera ndi lisiti.
Ndinazidula pakati ndi galayinda,
fumbi lake lili gerede m'mano ngati la zitunda za migodi
zomwe agogo ankatsokomola mpaka tsiku lowaika.

Kenako chulu.
Tinaunjika mchenga wonyowa, kuusisita ndi zikhatho,
kuufunditsa nyuzipepala zakale,
zigoli za mpira ndi mitengo ya nyama,
njerwa n'kuyamba kukwera mozungulira,
iliyonse itaweramira inzake.
Ndinati, "Bwana, zigwa izi. Kwathu khoma likapendekeka timagumula."
Iye: "Zonse zikufuna kugwa nthawi imodzi.
N'chifukwa chake palibe igwe."

Ya paliwombo ndinaisema kanayi isanalole.

Loweruka lachitatu ndinagwada pakhomo pake
kufukula mchenga, poyamba ndi fosholo, kenako ndi mkono mpaka m'phewa,
mtima uli m'mwamba.
Denga linatsala lokha, lopanda mzati, lili chete.
Ndinajambula, ndinatumiza kumudzi.
Madzulo foni inalira, Mwandida wanga:
"Ababa, kanyumbako n'kandani? Mukumagona m'menemo?"
Amake kuseka chapatali.
Kenako osasekanso.

Yathu ija idaimira pamawindo, chaka chachinayi tsopano.
Pabalaza pamera chisoso,
mbuzi za eni zimausa m'chipinda cha Mwandida.

Moto woyamba unali wa tizitsotso, wosaposa chikhatho.
Mawa lake tinawonjezako pang'ono, mkuja pang'ono,
sabata yathunthu kuunyengerera ngati wodwala amene wayamba kulawa phala.
"Ukauthamangitsa ung'aluka."
Unang'alukabe,
kamzere konga ulusi kuchoka pachumuni kutsikira kumanzere.
Ndinavula chipewa, ndinayamba kuwerengera za malipiro anga.
Mkuluyo anakatsata ndi chikhadabo.
"Uvuni wosang'aluka," anati, "ndi umene sunaphikepo."

Tsiku lenileni magetsi anazima msewu wonse,
majenereta akukangana kuseri kwa mipanda.
Tinasonkha bulugamu wouma mpaka mwaye wa kudenga
unasanduka woyera, mbee.
Pitsa yoyamba inapserera ndisanamalize kupukuta thukuta.
Yachiwiri inatupa m'mbali, matuza akuda apa ndi apo,
tomato akuwira, tchizi chikutuluka thovu.
Tinadya chiimirire, tikupsa milomo.
Ali pakati potafuna anagogoda silabu ndi ndodo:
"Mabotolo aja tinamwa awiri. Ine ndi Pierina.
Zaka zonsezo ndinkangomulonjeza uvuni."

Sindinadziwe chonena m'Chingerezi.
Ndinatulutsa mbatata ziwiri m'chikwama
n'kuzikwirira m'phulusa.

M'mawa ndinadzera kudzatenga zida.
Chisanu chili mbuu paudzu, mpweya ukufuka m'kamwa,
koma nditaika dzanja pamsana pa uvuni
unali wofundabe ngati mimba ya ng'ombe.
Ndinaima choncho mpaka zala zinamasuka.
Envelopu m'thumba la ovolosi,
ndinayenda kupita kokwerera takisi ndikuwerenga chamumtima:
malata asanu ndi limodzi,
mwina asanu ndi awiri ngati randi sinagwe.