Phazi pa Njerwa

A Likongwe akufuna khoma kuseri kwa mawu awo,
khoma la pa kompyuta, lopanda poyambira,
loti chala chikamatsetsereka pa foni
liziyenda nacho mpaka pansi osaonetsa msoko.
Amagulitsa simenti ku Ginnery Corner.
Ati likhale la njerwa zootcha, zakwathu,
osati zija zofiira ngati tomato zongotola pa intaneti.

Ndiye Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Chilomoni,
ndinakaima kuseri kwa nyumba ya bambo
dzuwa lisanapendeke, mithunzi isanatalike,
ndinajambula khoma kasanu ndi kawiri.

Ntchito yake ndi iyi:
umadula kachidutswa ka makona anayi,
mbali ya kumanja ikwatirane ndi ya kumanzere,
ya pamwamba igwirane chanza ndi ya pansi.
Njerwa imene yaduka pakati kuno
ikapeze theka lake uko,
monga telala wa pakhonde ku Limbe
amakumanitsira duwa la chitenje pamsana pa diresi
mpaka sudziwa pamene padutsa singano.

Usiku, magetsi atabwera, ndinayamba kuyala.
Kachidutswa kamodzi, kenaka makumi anayi, kenaka mazana.
Msoko panalibe. Ndinaomba m'manja ndekha m'chipinda.
Koma diso ndi kazitape:
pa mzere wachitatu, njerwa yachiwiri,
panali kaphazi. Zala zisanu, chidendene chozama.
Ndipo poti khoma lotere limabwereza zonse zimene walipatsa,
kaphazi kanali apa, ndi apa, ndi apo,
kutsika sikirini yonse mwandondomeko,
mwana akuyenda ndi mwendo wakumanzere wokha.

Ndi ka Ndaona.
Chaka chimene bambo ankaumba njerwa kudambo
iye anathawa m'beseni ali mbulanda, sopo ali kumutu,
n'kuponda njerwa yosauma. Bambo anakalipa,
koma dothilo sanalibwezere m'chikombole.
Anaiotcha choncho. Anaimangira kuseri,
kumene alendo safika.
Ndaona sanafike sitandade wani.

Aphunzitsi ku koleji anatiuza kale:
chotsani chilichonse chokopa diso,
banga, mng'alu, chisa cha mavu.
Khoma labwino la kuseri ndi limene munthu saliona.
Ntchito yake n'kunyamula mtengo wa thumba la simenti
ndi nambala ya foni, basi.
Chooneka kamodzi chimakongola,
chikaoneka kambirimbiri chasanduka chilema.

Ndinabwereka dothi la njerwa yoyandikana,
ndi kachida kokopera ndinamata chidendene,
kenaka zala, kuyambira chaching'ono.
Mphindi zinayi.
Mapazi mazana anazimirira limodzi
osasiya ngakhale fumbi.

A Likongwe anayankha m'mawa mwake:
Zili bwino kwambiri achimwene,
ndalama ndatumiza, muone pa foni.

Fayilo yoyamba ija sindinaitaye.
Magetsi akakhalapo, ntchito ikachepa,
ndimaitsegula, n'kuyala khoma lonse,
n'kumatsitsa pang'onopang'ono ndi chala chimodzi.
Amayenda mwanayo. Amayenda,
kudutsa pamene mpanda wa bambo ukanathera,
kudutsa msika, kudutsa sukulu imene sanaione m'kati,
njerwa yachiwiri, mzere wachitatu,
njerwa yachiwiri, mzere wachitatu,
ndipo poti ntchito ndinaigwira bwino,
palibe msoko poti ndiloze n'kunena kuti
apa ndi pamene anaima.