Mabeseni Asanu ndi Awiri

Kiyi wa tchalitchi amagona m'thumba mwanga,
pamodzi ndi kope la ndalama ndi cholembera chotafunidwa kumutu.
Anandisankha usungichuma chaka chatha
poti sindiphonya chenji pa okala yanga ku Chinamwali.
Palibe anandiuza kuti ndidzasunganso madzi.

Mabeseni alipo asanu ndi awiri.
Lalikulu timaika kuseri kwa gome,
losweka mlomo lili pomwe amaima a kwaya,
lobiriwira tinabwereka kwa Naliyera
tsiku lomwe denga linatsegula diso lina
pamwamba pa benchi ya amayi a mvano.

Mvula ikatsika phiri la Zomba
imalowa ngati mwini ngongole, yosaodira.
Tho! tho! tho! m'beseni.
Abusa a Makwinja akakweza mawu, dontho nalo likweza,
ana nkumawerenga madontho m'malo mwa mavesi.

Khoma la kuzambwe lang'aluka kuyambira pazenera mpaka pansi,
mng'alu woti chala changa chimalowa chonse.
Chiswe chadya mapaso, changosiya khungu.
Mmisiri Likaka anakwera, anagogoda, anatsika ali duu,
nalemba mtengo wa malata kuseri kwa envulopu ya chopereka.
Maziro ake ndinawerenga kawiri.
M'kope muli makwacha zikwi makumi anayi ndi zitatu
ndi lonjezo la mbuzi
yomwe inafa m'Disembala.

Choncho Lachitatu m'bandakucha ndimatsegula ndekha,
ndikhuthule mabeseni, ndifune pouma, ndigwade.

Ambuye, mawu okometsera ndilibe.
Mvula ndi yanu, nyumbayi ndi yanunso.
Chimanga chathu ku Songani chikuilira mvula yomweyi,
ndiye sindinganene kuti muitseke.
Ndingoti onani kope ili, ndalitsegula.
Ndiulule: ndikamadutsa m'tauni pa kabaza
maso anga amawerenga malata a matchalitchi a eni,
mtima nkuwawasa ngati thobwa logonetsa.
Usiku wina ndinalota khoma litagwera ana a Sande sukulu,
ndinadzuka, ndinapita ndi tochi kukaligwira.
Linali chiimire.
Ndani analigwira ine ndisanafike?

Makalata tinalemba atatu, a sitampa ya mpingo.
Yankho lake mpaka lero lili m'njira.

Koma Loweruka lina kukuwaza
anatulukira Nasibeko, uja agulitsa mabulosi pamsewu wokwera phiri,
atasenza lata limodzi, ladzimbiri m'mbali,
mabowo a misomali yakale akuonekera kumwamba.
Analizula pakhitchini pake.
Ndinati, Mayi, nanga muziphikira pati?
Anati, Utsi nawo upeze potulukira.

Ndinasowa polemba.
Kope lili ndi mzere wa dzina ndi mzere wa ndalama,
lilibe mzere wa khitchini ya mayi wamasiye.

Che Jafali a kuseri kwa mpanda, amene sapemphera nafe,
anatibwereka makwerero osafunsa tsiku lobweza.
Anyamata awiri a kabaza anabwera ndi misomali m'jumbo ya shuga.
Likaka anakhoma mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri,
malipiro ake tiyi ndi chinangwa chophika.

Mng'alu ukadalipo. Chiswe sichinalape.
Mitambo yaunjikananso kumtunda kwa Mulunguzi
ndipo maziro aja sanachepe ndi limodzi lomwe.

Koma Lamulungu lino mabeseni atsala asanu ndi limodzi.
Lobiriwira lija ndabweza kwa Naliyera, akachapire.
Amayi a mvano akhala pa benchi yawo osapinda maambulera,
Nasibeko pakati pawo, pansi pa lata lake lomwe,
akuimba mosemphana ndi anzake monga mwa masiku onse.

Lachitatu ndibweranso, Ambuye, ndi kope lomweli.
Pouma pogwada pakula pang'ono.