Mpweya Wobwereka

Ku Edithburgh, nyanja itaphwera,
ndinatola chigoba cha nkhono pansi pa mlatho wa asodzi
choti ndizikagwedezeramo phulusa la fodya.
Ndinachiponya m'thumba la malaya, pamtima penipeni.
Mwini nyumba anali momwemo.

Kuluma sindinakumve.
Kadontho ka magazi, ngati ndadzikanda ndi batani,
kenako iye, okutopasi wosafika ndi dzira la nkhuku lomwe,
akutsetsereka pamkono panga,
mphete zake zabuluu zikuyaka, kuzima, kuyaka,
chenjezo lofika mlandu utatha kale.

Milomo inachita dzanzi.
Lilime linalemera ngati chikopa chonyowa.
Ndinati ndiitane Narelle
koma dzina linakanirira pakhosi
ndipo miyala inandilandira chagada.

Maso tong'o. Thambo lonse lija, mbalame ziwiri.
Ndinkamva zonse.
Wina anati, wapita uyu.
Wina ankafunsa foni. Galu ankauwa.
Chifuwa chinali chitaiwala ntchito
yomwe chinagwira zaka makumi asanu ndi limodzi osadandaula,
mtima wokha ukugogodabe m'nyumba yopanda anthu.

Ndiye mwana wanga anagwada.
Chaka ndi miyezi iwiri tikungopatsana moni wa pakhosi,
tsikulo anangobwerera mabokosi a malemu mayi ake.
Anandifinya mphuno, nandipumira m'kamwa.
Mpweya wake unali wa khofi ndi lalanje.
Kamodzi. Kawiri. Akuwerenga, akukalipa:
musayerekeze, bambo, musayerekeze dala,
mpaka ambulansi inatulukira pamsewu wa ku Yorketown.

Ku Adelaide makina anandipumira usiku ndi usana.
Chala chitayamba kumvera,
Dokotala Halloran anajambula kuseri kwa pepala la mankhwala.
Kumbuyo kwa ubongo wake, anatero,
kuli timatumba tiwiri ta malovu,
tochepa, toti mutha kutiphonya ndi diso.
M'menemo ululu umangokhala phee.
Ena amati sawufulula yekha,
ndi tizilombo tosaoneka tomwe amatisunga
ngati alendo olipira nyumba ndi imfa.
Akaboola ndi kamlomo konga ka chinkhwe
malovu amatsika, natseka tizipata ta m'mitsempha.
Ubongo umafuula, thupi osamva kanthu.
Mankhwala ake kulibe.
Kuli kudikira basi, ndi wina wokupumira.

Anakonzera nkhanu, anatero, osati inu.
Inu munangomunyamula ndi nyumba yomwe.

Ali pakhomo anatembenuka.
Wamkazi amasiya ululu womwewo m'mazira ake,
nkuwafungatira m'mikono osadya, mpaka kufa.
Ana amaswa ali nawo kale.

Usiku umenewo ndinayendetsa lilime m'kamwa
kufufuza timatumba tanga.
Pamaliro paja sindinakweze mawu.
Ndinangofunsa, tikutsuka makapu,
kuti unali kuti mayi ako akuwonda.
Kadontho kamodzi.
Iye anapukuta kapu, naiika pashelefu bwinobwino,
ndipo kuchokera pamenepo
nkhope yake sinkagwedezekanso ndikalowa.
Bambo anga ankafunsa chimodzimodzi,
mofatsa, akupala mamba a nsomba.

Sindidziwa amene amafulula zimenezi mwa ife,
kaya ndi ife, kaya ndi alendo athu.

Narelle wagona pampando, khosi litapindika,
milomo yosweka ndi mchere ndi ndevu zanga.
Ndikuwerenga mpweya wake.
Khumi ndi zinayi pamphindi. Khumi ndi zisanu.
Wina mwa umenewu unadutsa mwa ine
ndipo palibe sitolo yomwe ndingagule wobweza.

Malaya anga ali m'jumbo pansi pa bedi,
ong'ambidwa ndi sizasi.
Chigoba chija chikadali m'thumba.
M'mawa anachitulutsa, nachiyang'ana m'kati kawiri,
nachiika pafupi ndi kapu yanga ya madzi.
Phulusa la fodya iwalani, anatero.
Mapapo amenewo tsopano ndi anga.