Sitima ya pa Foni

Walusungu wanditumizira chithunzi kuchokera ku Joni:
sitima yakalekale ya magetsi,
yomwe ati inkayenda pakati pa msewu
limodzi ndi ngolo za akavalo,
nyanga yake itakola waya wam'mwamba.
Lero yaima m'nyumba yosungiramo zakale,
mipando yathabwa yopukutidwa mpaka kunyezimira,
belu lili chete,
chingwe chofiira chikuletsa ana kukwera.

Ndikuiyang'ana ndili pa Katoto,
mwendo wina pansi, wina pa pedulo,
mvula yowaza ikunyowetsa galasi la foni.
Magetsi athima kuyambira m'mawa.
Ndaseka ndekha:
kuno ikanafera pa chitunda cha ku Masasa,
okwera n'kutsika kukakankha.

Mzinda uno sunaonepo njanji.
Waya wathu ndi mitsempha ya m'miyendo,
siteshoni ndi paliponse munthu wakweza dzanja.

Koma chandigwira mtima n'chogwirira chija,
chachitsulo, chodyeka mbali imodzi.
Ndi dzanja la yani linachidya chotero?
Pachikwangwani alembapo chaka ndi fakitale,
watero Walusungu,
dzina la woyendetsa palibe.

Ndayang'ana handulo ya njinga yangayi.
Mphira unatha kale,
pasalala ngati mwala wa mumtsinje.
Mwina tsiku lina adzaiimika nayonso,
kuipukuta, kuizinga chingwe,
osadziwa kuti Fwasani Chavula
ankapuma kangati asanafike ku Luwinga.

"Sakaramento!"
Mayi wa thumba la makala akundikodola.
Foni m'thumba.
Belu langa likadalira.