Chikope Choyera

Namwino anagwira chikope changa ndi chala,
n'kuchikokera pansi ngati akusenda nthochi.
"Mayi Namakhwa, magazi anu apita kuti?"
Ndinaseka. Sindinavulale, sindinagwe paliponse.
Iye sanaseke. Anatembenuza chikhatho changa:
mbee! ngati chinangwa chongosendedwa kumene.

Zaka khumi ndi ziwiri ndikuthyola tiyi,
masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga,
dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno.
Mzere umodzi ukangochita chikasu
akapitawo a Muhowa amathamanga ndi kabuku,
mawa lake thirakitala yafika ndi matumba,
wina wa tsamba, wina wa muzu,
wina woti mtengo upirire chilimwe.
Njala ya tiyi ili ndi mayina.
Yanga ndinkangoitcha chizungulire.

Anandiuza mosafulumira, cholembera chili kukhutu,
kuti makaka anga a m'mawa ndi nkhuni chabe:
amayaka, ndimakwera nawo chitunda,
dzuwa likafika paliwombo atsala phulusa.
Nandolo, dzira, matemba, amenewo ndi amisiri.
Amasoka mnofu wong'ambika ine ndili m'tulo,
ndipo panopa ali ndi ganyu ina pansi pa nthiti zanga,
akuumba munthu wosadziwa kupempha,
wongotapa zimene akufuna
m'mafupa mwanga, m'magazi mwanga,
osasiya ngakhale lisiti.

Peyala, akuti, si chakudya cha ana pamsewu.
Mafuta ake ndi njinga ya kabaza
yonyamula vitamini wa m'papaya ndi m'dzungu
kukamutula kumaso.
Ndipo bonongwe,
yemwe uja timamupondaponda popita kusikelo ya madengu,
ali ndi chitsulo chake chosaoneka,
chimene magazi amasenzera mpweya.
Mufinyire ndimu, akuti, kuti chilowe bwino.

Kenako anazengereza pang'ono.
"Tiyi musamamwere pa chakudya.
Amaimitsa chitsulocho pachipata.
Dikirani kaye, ola lidutse."

Apa ndiye ndinaseka mpaka misozi.
Tiyi yemwe wanditha zikhadabo,
wandipinda msana ngati chikwakwa,
kani ndi mlondanso m'mimba mwanga,
kubweza alendo anga pageti!

Pobwerera ku Khonjeni ndinayenda pang'onopang'ono,
timapilitsi tofiira tili pamfundo ya chitenje.
Chiperoni chinali chitaphimba mapiri,
minda yonse biriwiri, yokhuta, yometedwa bwino.
Sindinaikwiyire.
Ndinangowerama m'mphepete mwa ngalande
n'kuthyola ndi zala zomwezi,
masamba awiri ndi nsonga,
koma ulendo uno wopanda wondiyezera.

Kunyumba Losina anali atayala kale mapeyala pathumba,
asanu ndi atatu, oti apite nawo kumsewu.
Ndinachotsapo awiri.
Anandiyang'ana ngati ndaba.
"Nanga ya sopo, amayi?"
Sopo adikire Lachisanu.
Tinagawana limodzi titakhala pakhonde,
supuni imodzi, kamchere pang'ono,
iye akunyambita khungu mpaka kubowoka.

Ketulo inawira, ndinaiphula, ndinaisiya izizire.
Tilibe wotchi.
Ola ndinaliyeza ndi mthunzi wa mtengo wa papaya
kuchoka pamwala wochapira kukafika pakhola.
Uli pakati pa ulendo wake,
wam'katiyo anaponda kamodzi, mwamphamvu,
ngati munthu wofunsa
ngati kwatsalako kena.