Msoko Wokhota

Ndinachoka ku Joni ndi jumbo limodzi
ndi nsapato za munthu wina.
Anzanga a ku Namwera anabwera ndi malata, ena njinga zamoto.
Ine ndinatsika basi usiku, dala,
kuti kwa Mpondasi asandione.

Miyezi isanu makina anga anakhala pakhonde
atafunda chitenje ngati wamalungo.
Kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha
kunkandipeza maso ali gwa,
ndikuwerenga phaso la denga.
Abiti Wadi ankayenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe.
Ana anaphunzira kukasekera kuseri kwa bafa.

M'mutu munali wailesi yopanda pozimitsira:
walephera, Ajasi, walephera.

Anandinyenga ndi Twaibu wa kabaza.
Tiye akakuyeze magazi, anatero,
nandiwolotsa mlatho wa Shire thukuta lili kamukamu
mpaka pa chipinda china chakumapeto kwa chipatala,
chopanda jakisoni, chopanda sikelo.
Mipando iwiri. Kalendala ya chaka chatha.
Ndi mayi Kalinde, magalasi atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

Ndinati mutu ndi umene ukuwawa, mundipatse panado.
Anati panado alipo,
koma mutuwo unayamba liti?
Basi, nakhala chete.

Chete wawo anali ngati dengu lopanda kanthu
loikidwa pamapazi anga.
Ndinayamba kuponyamo:
ngongole ya pasipoti,
bulangete lonunkha la ku Lindela,
kenako Saidi,
amene tinamusiya m'firiji ya chipatala cha eni
chifukwa ndalama yonyamulira mtembo inaperewera.
Dzina limeneli linali lisanatuluke pakamwa panga chaka chathunthu.
Ndinalira ngati mwana wosochera pamsika.
Sanandiuze kuti limbani mtima.
Anangosendeza kapu ya madzi.

Lachinayi lachitatu anandifunsa:
Inu atelala, munthu akabwera ndi nsalu
mumadula musanamuyeze?
Ndinati ameneyo si telala, ndi wakuba.
Nanga malaya mwavalawa, olembedwa kuti wolephera,
anakuyezani ndani?

Ndinakwiya. Sabata yotsatira sindinapite.
Koma funso linandilondola ngati mwana wa mbuzi.

Ndinabwerera. Tinatenga tepi, tinayeza.
Zaka zinayi ndinatumiza fizi osadumphitsa teremu.
Mayi anga anaikidwa m'nsalu yogula ine.
Saidi ndinamusambitsa milungu itatu akudwala
pamene ena ankaopa kuchotsedwa ntchito.
Malaya aja anapezeka othina m'mapewa.
Sanali anga.

Anandipatsa kope la mwana wa sukulu:
usiku uliwonse mulembe zitatu zimene sizinaonongeke.
Tsiku loyamba ndinalemba chimodzi:
mbuzi sinalowe m'dimba.
Ndinachita manyazi kuwaonetsa.
Anawerenga ngati kalata yochokera ku boma,
nati, mawa ziwiri.

Musamve ngati ndachira ngati chilonda cha mpeni.
Wailesi ija imayakabe,
makamaka basi ya ku Joni ikaima pa sitolo ya Mmwenye
anthu n'kumatsitsa mafiriji.
Koma tsopano ndimaiyankha.
Ndimapuma kanayi, pang'onopang'ono, monga anandiphunzitsira,
ndi kuifunsa: umboni wako uli kuti?
Masiku ena imandigonjetsa.
Ndimalemba zimenezonso.

Dzulo ndinapita kwa mayi ake a Saidi ku Chimwala.
Ndinafotokoza zonse, ndi firiji yomwe.
Anandigwira dzanja nthawi yaitali,
kenako anafunsa ngati ndimasokabe.

Makina avula chitenje.
M'mawa uno ndasoka yunifolomu ya mwana wa Twaibu,
msoko wa kolala wakhota.
Kale ndikanaponya nsalu yonse pansi
ndi kukagona choyang'ana kukhoma.
Lero ndatenga lezala,
ndamasula ulusi umodziumodzi,
Abiti Wadi akuimba kukhitchini mokweza,
mosasamala kuti ndilipo.