Mzere wa Pamwamba

Ku Doncaster m'bandakucha ulibe tambala.
Kuli basi ya faifi koloko yokha, yotsokomola pakona,
ndi kiyi wa Esinati akufufuza bowo la loko mumdima.
Iye akulowa, ine ndikutuluka.
Timapambana pamasitepe ngati alendi,
moni wathu ndi nthunzi yotuluka m'kamwa.

Kwathu ku Bawi ndinali ahedi.
Ana ankaimirira ndikamalowa, akuluakulu ankavula zipewa.
Kuno ndimasenza makatoni a anthu amene sindidzawaona,
ndipo chikalata chondilola kukhala m'dziko muno
chimanena mosabisa kuti ndine wodalira mkazi wanga.
Mawuwo ankandiluma ngati nsabwe ya mumsoko.

Ndiye ndinasunga vesi limodzi
monga munthu amasungira mpeni m'thumba.
Lachinayi lija ndinalisolola.
Mlandu wake? Malaya osasita. Basi.
Ndinakweza mawu mpaka agogo achizungu a kuseri kwa khoma
anagogoda ndi ndodo yawo.
Ndinati mutu wa banja ndine, zinalembedwa,
ndinatchula chaputala ndi ndime ngati ndikulembetsa mayeso.

Esinati sanabweze.
Anakhala pa sitepe yachitatu, navula nsapato imodzi.
Anati, Bambo a Mwatitha, mwawerenga bwino.
Mukapeza mpata muwerengenso mzere wa pamwamba pake.
Kenako anakwera kukagona, nsapato inayo ili kuphazi.

Masana kuntchito ndinatsegula kontena.
Mpunga, nyemba,
ndi ntchafu ya nkhuku, yomaliza ija,
imene ndinkadziwa bwinobwino kuti inali yake.
Anaikamo dzulo lake madzulo, ndisanalakwe.
Nditalakwa sanaichotse.
Ndinadya ndi sipuni yapulasitiki, chakudya chikukana kutsika.

Ndinatsegula foni, ndinakwera mzere umodzi wokha.
Mzerewo sunkafunsa kuti wavala thalauza ndani, chitenje ndani.
Unkati tonse awiri tiziweramirana
chifukwa cha Iye amene anayamba kuwerama.
Ndinatsikanso pang'ono m'munsi,
ndipo apo mwamuna ankapemphedwa moyo wake wonse,
ine amene ndinalephera kugwira simbi.

Zaka makumi awiri ndikudzudzula ana
kuti asamayambire chiganizo pakati!

Lachisanu ndinapempha kulowa mochedwa.
Ndinatenthetsa madzi, ndinathira mchere m'beseni.
Kiyi atalira ndinali nditagwada kale,
maondo akulira kuposa chitseko.
Mapazi ake ndinali ndisanawaone kuyambira chaka chatha:
otupa, ming'alu m'zidendene,
mapazi a maola khumi ndi awiri
otembenuza nkhalamba za eni, kuzisambitsa, kuzimwetsa phala,
zina zikumuitana ndi mayina a ana awo omwe sabwera.

Pepa ndi liwu lalifupi,
koma palibe katoni yolemera chotero pa ntchito yanga yonse.
Ndinalinyamula. Linagwa pakati pathu.
Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anaviika chala chimodzi nati,
Ahedi, madziwa atentha kwambiri.
Ndinathamangira ozizira.

Lamulungu, m'holo ya sukulu imene mpingo umabwereka,
a Nkhwazi analalikira za chisomo,
akutuluka thukuta kufuna chitsanzo chomveka.
Ine ndinangoyang'ana pansi.
Chisomocho ndinali nditadya kale, ndi nyemba.

Sindinasanduke mngelo.
Sabata yatha tinakangananso za ndalama zotumiza kumudzi,
ndipo mpeni uja ndinaumva ukugwedera m'thumba.
Naye Esinati ali ndi lilime lake likapsa,
tsiku lina ndiye anagogoda pa chitseko changa ndi pepa wake.
Koma usiku uno kunja kukugwa chipale,
Mwatitha wagona ndi buku kumaso,
ine ndili ndi simbi m'manja,
ndikusita yunifolomu yabuluu ya mkazi wanga.
Kolala yake ndi yovuta.
Ndabwereza katatu.